Chikuta cha Mayi Kakowa

Padangokhala! Amene muli nane vomerani kuti tili tonse. Amene mwabwerera tulo, mphasa ili uko, musatisokoneze.

Padangokhala nyama za ku Dambo la Mlulu. Nyama zimenezi makutu zinali nawo, koma pakamwa zinalibe. Musandiyang'ane choncho, ndimasulira. Mawayilesi analipo, una uliwonse, chisa chilichonse, koma zotuluka m'menemo zinali za kutali zokhazokha. Mkango watsokomola kulikulu. Akazi a Mkango apita kukaona mbale wawo. Za pa Mlulu, ng'o! Mwana wa Mbira akasochera, make ankayenda mpaka mapazi kutupa. Maliro akagwa kutsidya, uthenga unkafika anzawo atameta kale. Paja akulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Eya, a pa Mlulu za m'maluwazo adazimva mpaka kutopa nazo.

Tsiku lina kudatera mlendo, mayi Kakowa, woyera mbee, wa miyendo yaitali. Ntchito yawo inali yoyenda m'madambo kuphunzitsa nyama kuyendetsa wayilesi yawoyawo. Adabwera ndi makina oulutsira mawu, mabatire, sola yotapa mphamvu ya dzuwa, ndi mlongoti wautali. Chilolezo adakachitenga kwa a Nkhwazi, mwini mlengalenga, amene mawu sadutsa m'mwamba iwo osadziwa.

A Nkhwazi adabwera okha kudzaika lamulo.

"Njira ya mumlengalenga ndakubwerekani chilimwe chino chokha. Mvula yoyamba ikagwa ndidzabweranso. Ndikadzapeza kuti wayilesi mukuyendetsa nokha, ndi yanu mpaka zidzukulu zanu. Ndikadzapeza kuti akukuyendetserani ndi mlendo, ndidzazula mlongoti ndikapatse ena. Mwamva?"

"Tamva, bwana!"

Adasankha komiti. Wapampando adakhala a Njati, chifukwa panalibe wolimba mtima wowauza kuti mpandowo ngwaung'ono. Gologolo adatenga za makina ndi mawaya. Mayi Nkhanga adatenga zowerenga nkhani ndi mauthenga. Achule adapatsidwa nyimbo yotsegulira wayilesi.

Nyimbo imeneyo, abale! Inali yotchula midzi. Chule wamkulu ankaitana mudzi umodziumodzi, wa kumtunda, wa kumadzi, wa kumiyala, kuufunsa ngati wadzuka. Anzake ankavomera onse pamodzi kuti wadzuka, ndipo mawu amene akumvekawo ndi ake. Pakati pake panali kuwomba m'manja kawiri. Tsiku loyamba kumveka, nkhalamba ina ya Fulu idalira misozi chifukwa chomva dzina la mudzi wake likutuluka m'wayilesi.

Tsono panali Mnthengu. Mumamudziwa, kambalame kakuda bii, maso ofiira ngati wagona kumowa. Masiku amenewo mchira wake unali wathunthu, wosalala, wopanda mpata pakati, ndipo ankaunyadira kuposa make womubala. Luso lake linali lobwereka mawu. Ankalira ngati mphamba, anapiye a mayi Nkhanga n'kubalalika, iye n'kutola ziwala zimene ataya. Tsiku lina adalira ngati mwana wa njati wogwidwa ndi ng'ona. A Njati adathamanga osaona njira, nakatitimira m'thope mpaka m'khosi, dambo lonse likuonerera. Bwalo la tsiku limenelo silidachedwe.

"Ukadzabwerekanso mawu a mwini," adatero a Njati, thope likadali m'makutu, "tidzakuzula mchira wonse, n'kukupirikitsa pa Mlulu pano."

Ndiye maphunziro a wayilesi atayamba, Mnthengu adafika naye m'mawa, atadzikonzakonza.

"Ndilembeni, a Wapampando. Mawu ndili nawo ambiri."

"Ambiriwo ndiye vuto lake. Ako ndi ati? Wabodza pa wayilesi, ndiye kusungitsa mbuzi kwa fisi. Choka!"

Mnthengu sadachoke kwenikweni. Adakwera padenga, ndipo nsonga ya mlongoti idasanduka mpando wake, poti kuchokera pamenepo ankaona chiwala chilichonse cha m'dambo. Maphunziro ankachitikira pansi pake, koma ambiri ankangomudutsa, iye ali kalikiliki ndi ntchentche. Mawu awiri okha ndi amene adamukhazikika m'khutu, chifukwa mayi Kakowa ankawanena tsiku lonse. Wina akabwera ndi funso, iwo ankati, "Inu mukuona bwanji?" Akayankha bwino, iwo ankati, "Chitani momwemo."

Ophunzirawo adaphunziradi. Gologolo ankatha kumasula makina onse n'kuwabwezera. Mayi Nkhanga ankawerenga nkhani mopanda kupunthwa. Koma panali nthenda imodzi. Palibe ankakhudza kanthu asanamve kuti a Kakowa avomera. Kuyatsa makina, akafunse. Kutsegula windo, akafunse. Ngakhale kusesa pakhomo, tsache linkadikira amayi.

Mayi Kakowa adaiona nthendayo. Adati achoke, nyama zidalira ngati pamaliro. Adatinso achoke, a Njati adagona chopingasa pakhomo. Ndiye tsiku lina m'mawa adangonyamula kathumba kawo mwakachetechete. Amene adawaona ndi Mnthengu yekha, ali pampando wake uja.

"Iwe Mnthengu, ukawauze anzako kuti ndapita kuseri kwa phiri, kuli ena akundidikira. Zonse akuzidziwa. Mwana saphunzira kuyenda ali kumsana."

"Bwanji osawauza nokha, amayi?"

"Ndawauza kangati? A Njati andigonerenso pakhomo?"

Adauluka. Mnthengu adatsika ndi uthenga wake pakamwa, koma asanaulavule adamva a Njati akuyankhula ndi Gologolo.

"Amayi sakuoneka, a Wapampando."

"Ngati apita, titseke lero lomwe. Timange makinawa bwinobwino tikapereke kwa a Nkhwazi tisanawaononge. Ife ndi ndani? Nyama za kudambo basi."

Mnthengu mtima udamuti phwii. Mlongoti ukapita, mpando wake wapita. Komanso, ndikuuzeni chinsinsi, nyimbo ya achule ija inali itamulowa, ngakhale akadalola kufa kusiyana n'kuvomera. Uthenga uja adaumeza, gwa!

"Apita kuti?" adatero akutera pakati pawo. "Simudamve? Amayi ali m'chikuta!"

"M'chikuta?"

"Aikira mazira m'kachipinda kosungira katundu. Akufungatira. Andituma ine poti ndine ndinali maso."

Mayi Nkhanga adaimba nthungululu, nathamangira kukachipindako. "Ndikawaone! Ntchito imeneyi ndi yathu amayi."

"Imani pomwepo!" adakuwa Mnthengu. "Mwambo wa kwawo si wa kwanu. Kwa akakowa chikuta salowa aliyense, ngakhale namkungwi. Diso la mlendo likangogwera pa dzira, lasukuluka. Mukufuna mlandu wa mazira a mwini?"

Mayi Nkhanga adabwerera chambuyo. Mwambo wa chikuta ndani angaupondereze?

"Mukakhala ndi funso muzifunsa muli panja," adapitiriza Mnthengu. "Ndipo chakudya cha mayi wa m'chikuta muziika pawindo. Ati ziwala zonona, zothothola kale mapiko."

Mwamuona mwana wa mfiti? Kachipindako kanali ndi chibowo pansi pa denga, chokwana mnthengu mmodzi. Adalowera pamenepo, napiringidza chitseko cha m'kati. Ankadziwa bwino kuti akuseweretsa mchira wake, koma ziwala zoyamba zitafika pawindo adaiwalako pang'ono.

Sipadapite masiku, kudadutsa kamvulumvulu, ndipo m'mawa mwake makina adangoti zii. Gologolo adadina apa, adadina apo, osayaka. Adathamangira pakhomo la chikuta.

"Odi, amayi! Pepani kukusokonezani. Makina afa."

M'katimo Mnthengu adasendera kuchitseko. Za makina ankadziwapo chiyani? Waya wofiira ndi wakuda kwa iye anali amodzi. Adakonza kukhosi, natulutsa mawu a mayi Kakowa, ofatsa, enieni.

"Inu mukuona bwanji?"

"Ine? Aa, ine ndi ndani, amayi. Komabe mabatire ndawayesa, alibe moto. Mawaya ndawatsata onse, chiswe sichidadye. Ndiye ndimati kapena fumbi la dzulo lija lakwirira sola, dzuwa silikulowa. Ndimati ndikwere ndikapukute, ndionenso ngati mphepo sidaipotoze."

"Chitani momwemo."

Gologolo adakwera. Fumbi adalipeza loti ungadzalepo mtedza, ndipo sola inali itayang'ana kumbali. Adaipukuta ndi mchira wake, naiwongola. Dzuwa lisanafike pamutu, kanyali ka makina kadati nyezi! Achule adaiponya nyimbo ija, kuitana midzi yonse, ndipo tsiku limenelo kuwomba m'manja kudamveka mpaka kumiyala.

"Mwaona nzeru za amayi?" ankatero Gologolo kwa aliyense. "Ali m'chikuta, koma fumbi la padenga aliona!"

Mnthengu ankangopukusa mutu, mwendo wa chiwala uli pakamwa.

Mwezi udaoneka, udafa. Kenako kudabwera a Fisi, atamanga kansalu kakuda, misozi ili chuchuchu.

"Zandigwera, mayi Nkhanga. Amalume atisiya. Mulengeze kuti agwape onse abwere ndi ana awo kudzagona pasiwa, kuphanga kwathu. Malemu analibe abwenzi ena koma agwape."

Tsono pa Mlulu uthenga wa maliro sukanidwa. Ukaukana, mawa maliro ako adzalira ndani? Komanso a Fisi anali ataima pafupi kwambiri, mpweya wawo ukununkha zadzana. Mayi Nkhanga adati adikire pang'ono, nathamangira kuchikuta.

"Amayi, a Fisi abwera ndi uthenga wa maliro a amalume awo. Akuitana agwape. Ndiulutse?"

"Inu mukuona bwanji?"

Mayi Nkhanga adatsitsa mawu. "Ine ndikuona kuti amalume amenewa adamwaliraponso chaka chatha, ndipo agwape amene adapita kukapepesa sadabwerere. Paja tidaphunzira kuti nkhani isanakwere mlongoti iyambe yaonedwa ndi maso. Ndimati ndikasuzumire ndekha."

"Chitani momwemo."

Adabwerera kwa a Fisi nkhope ili yachisoni. "Pepani, bambo. Tiulutsa madzulo ano. Pitani mukaone za adzukulu."

A Fisi atanyamuka, mayi Nkhanga adawalondola chozemba m'maudzu. Atafika kuphanga adasuzumira. Malemu anali khale pamwala, akunola mpeni, akufunsa a Fisi kuti, "Abwera angati? Onenepa alipo?"

Madzulo ake dambo lonse lidatchera khutu, ndipo mayi Nkhanga adawerenga mosaseka ngakhale pang'ono.

"Nkhani yosangalatsa kwa onse a pa Mlulu. Amalume a Fisi, amene kunamveka kuti atisiya, ali moyo, ali bwino, ndipo njala akuimva. Agwape onse akupemphedwa kuwafunira zabwino ali kunyumba kwawo."

Kuseka kwake! Akamba adagubuduka chagada. A Fisi sadaoneke pamsika mpaka mwezi wina. Achule poimba nyimbo ija mudzi wa agwape adauitana kawiri, ndipo agwape adavomera okha ali m'makwawo, kuti tadzuka, ndipo tonse tilipo.

Komabe mayi Nkhanga za mazira amazidziwa. Tsiku lina poika ziwala pawindo adakumana ndi Mnthengu, amene tsopano khosi linali litasowa chifukwa cha kunenepa.

"Iwe, mazira a amayiwa akuchedwa bwanji? Akadakhala anga, bwenzi anapiye akuthamanga."

"Dzira la wophunzira silifulumira, mayi. Lili ndi zambiri zoganiza."

"Nanga iwe ukunenepa ndi chiyani?"

"Chimwemwe."

Yesero lachitatu lidabwera ndi nyanga. Ana a Njati adalowa m'dimba la mayi Mbira, mkazi wamasiye, napondaponda mpiru ndi chimanga chonse. Pa wayilesi panali pologalamu ya madandaulo, imene aliyense ankaloledwa kulankhulapo, ndipo mayi Mbira adapempha kuti mawa lake amveke. Mayi Nkhanga adavomera. A Njati atamva, adalunjika kuchikuta, nthaka ikugwedezeka.

"Mayi Kakowa! Ndine wapampando. Nkhani ya Mbira isamveke. Mumuuze Nkhanga."

Mnthengu nthenga zonse zidaima. Pakati pa iye ndi nyanga zija panali thabwa limodzi lokha.

"Inu mukuona bwanji?"

"Ndanena kale! Ndikuona kuti isamveke. Wapampando sanyozedwa pa wayilesi yake yomwe."

Apa ndiye padavuta. Mawu otsala anali amodzi, ndipo akangowatulutsa, mayi Mbira atsekedwa pakamwa. Ena analibe. Mnthengu amabwereka mawu okhawo amene wawamva kambirimbiri, akayesa achilendo khosi limamuulula. Adaganiza, adaganiza, thukuta lili kamukamu. Kenako adangobweza omwe aja, pang'onopang'ono.

"Inu mukuona bwanji?"

A Njati adapalasa pansi ndi chiboda. "Kapena simunandimve. Chabwino, anawo adalowadi m'dimbamo. Koma ndi ana! Tikambirana kuseri, mwakachetechete, osati dambo lonse likumva."

M'chikuta mudangoti zii. Mnthengu adalola kuti chetecheteyo awalume kaye. Atamva kuti mpweya wa a Njati wayamba kutsika, adaponyanso kachitatu, motsitsa kwambiri.

"Inu mukuona bwanji?"

A Njati adakhala pansi, dii!

"Amayi, mwandivula. Tsiku lotsegulira lija ndidaimirira ndine, ndidati wayilesi iyi ndi ya mbewa ndi njovu yomwe. Ndikamutseka pakamwa Mbira lero, mawa adzatikhulupirira ndani? Alankhule. Akatha ndidzayankha ndekha, ndipepese, ndipo ana angawo akamange mpanda wa dimbalo ndi kudzalanso."

"Chitani momwemo!" Mawuwo adatuluka mothamanga, pang'ono n'kutsamwa nawo.

M'mawa mwake dambo lonse lidamva kamawu ka mayi Mbira kakunjenjemera, kenako kakulimba, kakufotokoza za mpiru wawo. Ndipo lidamva chimawu cha wapampando chikuti, "Ndalakwa, mayi." Njati kupepesa mbira, onse akumva! Ndikuuzeni, abale, kulikulu kuja zimenezi sizidamvekepo chilengedwere. A madambo ena adatumiza nthumwi kudzafunsa ngati zinali zoona. Achule atayamba nyimbo yotchula midzi, pansi pake padamveka besi yachilendo, ndipo onse adadziwa kuti ndi a Njati.

Kenako mitambo idada, mvula yoyamba idagwa, ndipo a Nkhwazi adafika ndi akapitawo awo, miimba. Nyama zonse zidasonkhana pabwalo la wayilesi. A Nkhwazi adatera pansonga ya mlongoti, pampando wa Mnthengu penipeni. Mwini mpando adazembera m'chikuta.

"Ndakhala ndikumvera," adatero a Nkhwazi. "Wayilesi yanu ndi yokoma. Tsono ndifunse. Makina atafa, adakonza ndani?"

Gologolo adayang'ana pansi. Paja pa Mlulu mwana woleredwa bwino sadzitama pamaso pa akulu. Chabwino chilichonse amachitula kwa amene adamuphunzitsa.

"Manja anali anga, bwana, koma nzeru ndi za mayi Kakowa."

"Nanga za maliro a amalume a Fisi?"

Mayi Nkhanga adagwada. "Ndidakafunsa kwa amayi, bwana. Pandekha ndikadaulutsa."

"Inu a Wapampando, kupepesa kuja?"

"Ndikadalakwa, bwana, adandibweza ndi amayi. Ife popanda iwo si kanthu. Ali m'chikutamo, koma chilichonse timafunsa pakhomo apo."

Ankayesa akukometsa, anthuni! Ankayesa ulemu uwapulumutsa. A Nkhwazi adapukusa mutu.

"Ndiye mwadziweruza nokha. Wayilesi iyi ndi ya Kakowa, inu ndinu antchito ake. Lamulo langa mudalimva. Miimba, masulani zingwe, zulani mlongoti."

Miimba idayamba kumasula. Mayi Mbira adalira mokweza, agwape adawathandiza. A Njati adaweramitsa mutu mpaka nyanga kugunda pansi.

M'chikutamo Mnthengu adamva zonse. Adayang'ana chibowo chija. Akadatha kutulukira pomwepo, n'kukakhala pamtengo ngati sakudziwa kanthu, mchira uli wathunthu. Adatembenuka naupenya mchirawo. Adausalaza ndi mlomo, nthenga imodziimodzi.

"Mchira iwe," adatero, "takhala bwino."

Adakankha mpiringidzo. Chitseko chidati kwee, n'kutseguka.

Munalibe mayi Kakowa. Munalibe chisa, munalibe dzira ngakhale limodzi. Munali mulu wa miyendo ya ziwala wofika pawindo, ndipo pamwamba pake padakhala Mnthengu, wonenepa ngati nkhunda.

"Mazira ali kuti?" adakuwa mayi Nkhanga.

Mnthengu adayankha ndi mawu amene panalibe adawatcherapo khutu, okhakhala ngati khasu lokhula pamwala. Anali akeake.

"Mayi Kakowa adapita kalekale, tchire lisanapse. Adandituma kuti ndikuuzeni, koma uthengawo ndidaumeza, chifukwa a Wapampando mudati mutseka tsiku lomwelo. Amene mwakhala mukumufunsa pakhomo pano ndine. Ziwala ndadya ndine. Zinali zokoma."

"Mgwireni!" adabangula a Njati. "Wabwerekanso mawu a mwini!"

"Mchira muzula, sindithawa. Koma ndiloleni ndifunse kaye, bwana Nkhwazi akumva. Iwe Gologolo, tsiku la makina lija, pakhomo pano udauzidwa chiyani?"

Gologolo adakanda kumutu. "Amayi adati... adati ine ndikuona bwanji."

"Za fumbi adatchula ndani?"

"Ndine."

"Mayi Nkhanga, zokasuzumira kuphanga zidachokera mbali iti ya chitseko?"

Mayi Nkhanga adagwira pakamwa. "Ya kunja. Kwa ine."

"A Wapampando, mawu oti ndalakwa adakupatsani ndani?"

"Palibe," adatero a Njati.

Mnthengu adayang'ana kumwamba kwa a Nkhwazi. "Bwana, ine waya wofiira ndi wakuda sindisiyanitsa. Mawu ndinali nawo awiri okha, obwereka. Chilimwe chonse awa akhala akupempha nzeru kwa mbalame yosadziwa kanthu, n'kumadziyankha okha. Ngati wayilesi iyi si yawo, ndiye ndi ya ndani? Yanga?"

"Tikuyese," adatero a Nkhwazi. "Tandiuza, mabatire amalumikizidwa bwanji?"

"Mabatire ndi ati, bwana? Timabokosi takuda tija kapena tija tolankhulira?"

A Nkhwazi adaseka mpaka mlongoti kugwedera. Adaseka, adapukuta misozi ndi phiko.

"Miimba, bwezerani zingwezo, mumange zolimba! A pa Mlulu, wayilesi ndi yanu, inu ndi zidzukulu zanu. Koma mumve. Ulemu ndi wabwino, komatu pagule fumbi ndiwe mwini. Mukadziwa chinthu muzinena kuti ndachita ndine."

Nthungululu zake! Gologolo adakwera mlongoti n'kutsika, n'kukweranso popanda chifukwa. Mayi Nkhanga ankangobwereza okha kuti, "Ndine ndidaganiza. Ine ndemwe!" Fulu wokalamba uja adavina mpaka zidzukulu kumugwira.

Fumbi litatsika, padatsala mlandu wa Mnthengu. Lamulo ndi lamulo, ndipo iye adali chiimire pamulu wake uja, akudikira. A Njati, mwa chizolowezi, adatembenukira kukhomo la chikuta.

"Amayi, nanga uyu timutani?"

Adalekeza pomwepo. Chitseko chinali chotsegula, m'kati muli Mnthengu yekha ndi mulu wake. A Njati adatembenuka pang'onopang'ono, nayang'ana khamu lonselo, kuyambira agwape mpaka achule.

"Inu mukuona bwanji?"

Woyamba kuimirira adali mayi Mbira. "Kunama adanamadi, ndipo ziwala zathu adadya. Lamulo lisagwe pansi, mchira uzulidwe. Koma ine amene adanditsegulira pakamwa ndi iyeyu. Zulani nthenga zapakati zokha, zina mumusiyire."

"Nthengazo mundipatse ine," adatero Gologolo. "Ndizipukutira sola. Mchira wanga wayamba kuyoyoka."

"Nanga zomupirikitsa?" adafunsa a Njati.

"Timupirikitsire pamwamba pa mlongoti," adayankha mayi Nkhanga. "Azikhala komweko. Ndipo m'mawa uliwonse, achule asanayambe, azitsegula wayilesi ndi iyeyo. Koma ndi mawu akeake, okhakhalawo."

A Njati adayang'ana Mnthengu, nayang'ananso khamu. Kukamwa kwawo kudagwedera ngati akufuna kuseka.

"Chitani momwemo."

Adamuzula. Adakuwa kuti "Mayo!" ndipo onse adachitira umboni kuti kulira kumeneko sikunali kobwereka.

Mayi Kakowa adadzabwera kudzacheza chimanga chili m'maondo. Adapeza palibe chowafunsa. Adangopatsidwa mpando ngati mlendo wa pa pologalamu, ndipo adaulula kuti kuseri kwa phiri kuja ankatsegulira ophunzira awo atsopano wayilesi ya pa Mlulu, n'kumawauza kuti muzichita ngati awa. Funso loyamba la mayi Nkhanga linali lakuti, "Amayi, mazira ali bwanji?" Mayi Kakowa adangoti maso tong'o, ndipo dambo lonse lidagwa nako kuseka.

Nyimbo ya achule idaonjezedwa ndime. Akatha kuitana midzi yonse, chule wamkulu amaitana wokhala pansonga ya mlongoti, kumufunsa ngati wadzuka, ndipo anzake amavomera kuti iyeyo ndiye watidzutsa.

Mpaka lero mukalawira mudzamumva mnthengu, mbalame zina zisanayambe, ali pansonga ya mtengo wautali, akukhula mawu ake aja. Zobwereka sadasiyiretu, ndisakunamizeni, masana amaiwala. Koma m'mawa ayi. Ndipo mudzaone mchira wake, uli ndi mphanda pakati. Saubisa. Amautambasula dala kuti aliyense aone pamene padachoka nthenga zimene zidagula wayilesi ya pa Mlulu.

Ine ndatsekera pomwepa. Amene mudakwirira mbatata kaphuleni, ndipo wotsala kumbuyo azimitse wayilesi, mabatire angathe.